Phokoso la makina lili ndi eni ake

Mawu ena amaoneka olemera akadali m'Chingerezi, koma ukangowamasulira amavula jekete. Chitsanzo ndi dzina la mtundu wa nyimbo wotchedwa industrial rock. Olemba za nyimbo amalitchula mwaulemu ngati dzina la mfumu. Tiliike m'Chichewa tione: nyimbo za m'fakitale, nyimbo za makina ndi zitsulo. Likangofika m'chinenero chathu, dzinali limadzutsa funso limene m'Chingerezi limagona tulo: fakitale yake iti, ndipo akugwiramo ntchito ndani? Ine ndikuti chimbale choyenera dzina limeneli m'chigawo chathu chino chilipo. Chinatuluka ku Harare m'chaka cha 2000, dzina lake ndi Simbaradzo, mwini wake ndi Alick Macheso. Ndipo inu anzanga ophunzira, amene mumatha kudzaza masamba khumi ndi chimbale cha ku America koma osalemba ndime imodzi yokha za chimenechi, muli ndi mlandu woti muyankhe.

Tiyambe ndi chanucho. Aliyense wofuna kuonetsa kuti amadziwa nyimbo za makina amatchula The Downward Spiral, chimbale cha gulu la Nine Inch Nails chimene chinatuluka mu Marichi 1994. Mbiri ya kapangidwe kake mumaidziwa pamtima. Trent Reznor anachita lendi nyumba ya pa 10050 Cielo Drive ku Los Angeles, mmene anthu a Charles Manson anaphera Sharon Tate ndi anthu ena anayi mu Ogasiti 1969. Anaikamo situdiyo n'kuitcha Le Pig, potengera liwu limene achiwembuwo analemba ndi magazi pachitseko. Anagwira ntchito ndi katswiri wojambula nyimbo wa ku Britain wotchedwa Flood, anaitana Adrian Belew kudzaliza gitala, ndipo zambiri zimene anajambula anazidula zidutswazidutswa pa kompyuta n'kuzilumikizanso mpaka gitala kumveka ngati macheka. Chimbalecho chimayamba ndi kulira kwa munthu amene akumenyedwa, kotengedwa mu filimu ya THX 1138, ndipo nkhani yake ndi ya munthu amene akutaya chilichonse, chikhulupiriro, chikondi, thupi lake lomwe, mpaka kufika pofuna kudzipha. Chitangotuluka chinafika pa nambala 2 pa mndandanda wa Billboard. Mu Ogasiti chaka chomwecho gululo linaimba ku Woodstock litadzola matope thupi lonse, ndipo mbiri yake inawanda. Mu 1995 William Bennett ndi C. Delores Tucker anadzudzula kampani ya Time Warner chifukwa chogulitsa nyimbo zotere, kudzudzula kumene kunangochititsa kuti achinyamata azifune kwambiri. Mu 2002 Johnny Cash, ali nkhalamba yodwala, anaimbanso nyimbo yotsiriza ya m'chimbalecho, Hurt, ndipo ngakhale amene ankati zonsezi n'zachiwawa anakhala chete.

Sindikuchinyoza. Ndi chimbale chopangidwa mwaluso, ndipo ululu uli mmenemo si wabodza. Koma mvetserani bwino, mundiuze ngati muli wantchito mmenemo. Mulibe malipiro, mulibe kapitawo, mulibe chala chodulidwa ndi lamba wa makina. Makina a Reznor ndi fanizo la zimene zikuchitika m'mutu mwa munthu mmodzi amene wadzitsekera m'nyumba yaikulu pamwamba pa phiri. Imfa imene inapatsa chimbalecho fungo lake inali ya eni, yochita kubwereka ndi lendi ya pamwezi. Reznor mwiniwake anadzavomera pambuyo pake kuti mchemwali wa Sharon Tate atamufunsa maso ndi maso ngati akudyerera imfa ya m'bale wake, m'pamene anazindikira kuti m'nyumbamo munafa munthu weniweni. Potuluka m'nyumbamo ananyamula chitseko chija n'kupita nacho ku New Orleans.

Mbiri ya mtundu wonse wa nyimbozi ikunena zomwezo. Gulu la Throbbing Gristle linayambitsa kampani yake ya Industrial Records ku England mu 1976. Einstürzende Neubauten inayamba ku West Berlin mu 1980, ikumenya zitsulo zotola kudzala ndi kuliza makina oboolera konkire. Reznor anakulira ku Mercer, ku Pennsylvania, n'kuyambira ntchito yake ku Cleveland, dera limene mafakitale a zitsulo anali kutsekedwa motsatizana. Phokoso la makina linasanduka luso pa nthawi imene makinawo anali kuzima. Phokoso limakoma kwa munthu amene ali ndi mphamvu yolizimitsa. Umboni wake anaupereka okha mosadziwa: pa sitiraka yaikulu ya ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Britain mu 1984 ndi 1985, gulu la Test Dept, limene linkamenya migolo ndi zitsulo, linapanga chimbale chotchedwa Shoulder to Shoulder pamodzi ndi kwaya ya anthu a m'migodi a ku South Wales. Anyamata a ku London ndiwo ankamenya zitsulo. Eni mgodi, amene anakalambira pakati pa zitsulozo, ankaimba mawu anayi ogwirizana ngati m'tchalitchi.

Tsopano tiyeni kumene makina sanazime. Kum'mawa kwa Zimbabwe, m'boma la Chipinge, m'malire ndi Mozambique, kuli Mount Selinda. Kuli mishoni imene amishonale a ku America anakhazikitsa mu 1893, kuli nkhalango ya Chirinda yokhala ndi mtengo wa mbawa waukulu zedi umene alendo amapita kukaona. Mukangotsika pang'ono mwalowa m'minda ya tiyi, Zona ndi Jersey, ya kampani ya Tanganda, imene mbiri yake imayambira pa tiyi wodzalidwa ku New Year's Gift mu 1924. Kumpoto, kupitirira Mutare, kuli chigwa cha Honde m'munsi mwa phiri la Nyangani, nakonso kuli minda ya tiyi: Aberfoyle ndi Eastern Highlands. Munthu wa ku Thyolo kapena ku Mulanje atatsitsidwa kumeneko atamangidwa m'maso, pomumasula angayambe kufunsa njira ya ku Luchenza. Nkhungu yake ndi yomweyo, dengu la kumsana ndi lomwelo, mzere wa pasikelo ndi womwewo.

Fakitale ya tiyi si malo achete ngati chithunzi cha papaketi. Masamba akafika amayalidwa m'ngalande zazitali kuti afote, pansi pake mafani akuluakulu akuuzira mphepo usiku wonse. Akafota amalowa m'makina a mano achitsulo amene amawaphwanya, kuwang'amba ndi kuwapota. Kuchoka apo amasiyidwa kuti asinthe mtundu, kenako amalowa m'ng'anjo zoumitsira, kenako pa masefa ogwedera osalekeza amene amalekanitsa tiyi wabwino ndi zinyalala. Nyengo ya mvula, tiyi akamaphuka mothamanga, fakitale sigona, chifukwa tsamba lothyoledwa lero silidikira mawa. Munthu wogwira mmenemo amatuluka makutu akulira, fumbi la tiyi lili m'mphuno, ndipo akagona bedi limakhala ngati likugwedera.

Anthu ake ndi osakanikirana. Alipo Andau, eni dera la Chipinge. Alipo ochokera tsidya la Mozambique. Aliponso zidzukulu za anthu a ku Nyasaland, monga mmene zilili m'mafamu ndi m'migodi ya Zimbabwe yense. Agogo awo ena anayenda wapansi kudzera ku Tete, ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi. Ambiri sanabwerere, kwathu tinawatcha matchona. Kumene anatsalako anapatsidwa maina ena: mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale munthuyo kwawo kukhale ku Dedza; mabwidi, liwu limene cholinga chake ndi kupweteka basi. Katswiri wa mbiri yakale Anusa Daimon analemba kafukufuku wake wa digiri ya udokotala pa anthu amenewa, ndipo mutu wake anautenga pa dzina lonyoza loyambalo.

Ndiye funsani: munthu ameneyu, amene phokoso la makina analipeza osalifuna, Loweruka la malipiro amatsegula chiyani pa wailesi? Satsegula macheka. Amatsegula sungura. Kwa amene simuidziwa, sungura ndi nyimbo za magitala othamanga zimene zinakula ku Zimbabwe ufulu wa 1980 utangobwera, kuchokera ku rumba ya ku Congo ndi benga ya ku Kenya. Dzinalo ndi la Chiswahili, kutanthauza kalulu, ndipo linali pa zimbale zochokera ku East Africa zimene anthu ankazikonda. Oimba ake ambiri otchuka anakulira m'makomboni a mafamu ndi migodi, ndipo ena mwa akuluakulu awo ndi ana a anthu obwera. Nicholas Zakaria wa Khiama Boys anabadwira pa famu ku Mazowe, makolo ake a ku Malawi. Alick Macheso anabadwa mu 1968 ku Shamva, bambo ake a ku Malawi, anakulira pa famu, ndipo ntchito ya gitala anaikhwimira m'gulu la Zakaria lomwelo asanayambitse lake, Orchestra Mberikwazvo. Macheso sanathyolepo tiyi ku Chipinge, ndipo sindikumunamizira zimenezo. Koma komboni ya famu ya ku Shamva ndi komboni ya esiteti ya ku Zona ndi ana a mayi mmodzi, ndipo anthu a kumeneko anamuzindikira msanga kuti ndi wawo.

Simbaradzo chinali chimbale chake chachitatu, pambuyo pa Magariro cha 1998 ndi Vakiridzo cha 1999. Chinatuluka pansi pa Gramma Records, ndipo anthu ambiri anachipeza pa kaseti. Mulibe kompyuta yodula mawu, mulibe phokoso lotengedwa mu filimu. Muli anthu oimba limodzi, nyimbo zochepa koma zitalizitali, iliyonse yotha kukutopetsa miyendo isanathe. Apa ndi pamene ndikufuna khutu lanu lophunziralo ligwire ntchito. Mverani ng'oma: kachitsulo kakang'ono kaja kamangoti tsetsetse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osapuma, osachedwa, ngati sefa ya m'fakitale. Mverani magitala: iliyonse ili ndi kachigawo kake kakang'ono kamene imabwereza, ndipo kukoma kumabwera pamene tizigawoto talumana ngati mano a makina. Wina akangophonya kamodzi, zonse zaima. Kenako mverani besi. M'magulu ambiri besi ndi wantchito wa kumbuyo, wonyamula katundu, wosatchulidwa dzina. Macheso anaitulutsa kumbuyoko n'kuiika kutsogolo, ikuyankhula, ikuseka, ikulamula magitala ena. Sindikudabwa kuti anthu amene moyo wawo wonse akhala onyamula katundu wa eni anamva chinthu m'besi imeneyo.

Makina alimo mu sungura, koma agwidwa n'kumangidwa goli. Liwiro limene masana limalamulidwa ndi kapitawo ndi sikelo, usiku thupi limalitenga n'kulisandutsa lake. Ngakhale gule amene Macheso anatchuka naye akunena zomwezo. Amatchedwa Borrowdale, dzina la dera la anthu olemera ku Harare kumene kuli bwalo la mjaha wa mahatchi, ndipo wovina amathamangitsa miyendo ngati hatchi ali pamalo amodzi. Anthu amene ku Borrowdale amangolowako ngati alonda ndi osamalira maluwa anatenga dzinalo n'kumalipondaponda m'fumbi la pa bala. Mukanaziona ku Berlin mukanalemba kuti ndi nthabwala yakuya yonyoza olemera. Poti mwaziona ku Chitungwiza, mwati ndi kuvina kwa anthu oledzera.

Ndipo taonani chaka chimene chinatuluka. Mu Febuluwale 2000 boma la Robert Mugabe linagonja pa referendamu ya malamulo oyendetsera dziko, ndipo posakhalitsa kulanda mafamu a azungu kunayamba. Za kulondola kapena kulakwa kwa kugawanso malo ndi nkhani ina. Apa ndikunena za amene anali pakati. Antchito a m'mafamu, miyandamiyanda, anataya ntchito ndi nyumba tsiku limodzi, ndipo amene makolo awo anali a ku Malawi, Mozambique kapena Zambia analibe mudzi wothawirako. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, kotero kuti munthu wobadwira ku Zimbabwe, amene sanapondepo ku Mwanza, anafunika kukana unzika wa Malawi umene sanaupemphe n'komwe, apo ayi ataya wa dziko lobadwira. Ambiri anataya mwayi wovota. M'zaka zomwezo Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi obwera opanda mutupo, ndiye kuti opanda mfunda. A Phiri, a Banda, a Mwale, a Mbewe, opanda mfunda! Pakati pa zonsezi, nyimbo imene inkalira m'minibasi, m'mabala ndi pa wailesi ya boma lomwelo inali Mundikumbuke, ya m'chimbale cha Simbaradzo, kulira kwa mwana wotsala yekha, yoimbidwa m'Chichewa. Dziko limene linkauza anthuwa kuti si akuno linkaimba chinenero chawo, ena osadziwa n'komwe tanthauzo la mawuwo. Pamodzi ndi Amai VaRubhi, nyimboyi inachititsa kuti Simbaradzo chikhale m'gulu la zimbale zogulidwa kwambiri m'mbiri ya Zimbabwe.

Kulandiridwa kwake kunali pawiri. Anthu wamba anachilandira ndi ndalama zawo zochepazo. Olemba ndi ogulitsa nyimbo za Africa kunja anayang'ana kumbali. Iwo anali atasankha kale Zimbabwe amene amamufuna: mbira ya Stella Chiweshe, chimurenga ya Thomas Mapfumo, mawu okhuthala a Oliver Mtukudzi, ndi Bhundu Boys amene anaimba pa Wembley mu 1987 Madonna asanakwere pa nsanja. Onsewa ndi akatswiri, sindikuwachotsera kanthu. Koma sungura inalibe malo pa shelefu imeneyo. Kwa ofuna za makolo inali yamakono kwambiri, magitala a magetsi opanda mzimu wa m'mudzi. Kwa ofuna zamakono inali yachimidzi, ya anthu a ku famu. Tony Perman, amene anachita kafukufuku wa nyimbo pakati pa Andau ku Chipinge komweko, analemba mu 2012 za mpata umenewu, woti nyimbo zokondedwa kwambiri m'dzikomo ndi zomwe akatswiri ankazilambalala. Zinatengera mlendo kuti anene, pamene ana a eni ake anali otanganidwa ndi kuloweza maina a magulu a ku Sheffield.

Ndikudziwa zimene mundiyankhe. Muti ndasakaniza mbuzi ndi nkhosa, industrial ndi dzina la kamvekedwe chabe, silinena za amene akugwira ntchito. Chabwino, sindikupempha kuti ogulitsa nyimbo pa intaneti asinthe zikwangwani zawo. Chimene ndikukana ndi sikelo yanu. Mnyamata wa ku Pennsylvania akaika ululu wake pa makina ongoyerekeza, mumati ndi luso lofunika kulifukula. Mwana wa pa famu akaika ululu wa anthu ake pa liwiro la makina enieni, mumati ndi zovinira. Mutinso Macheso saimba ndale, satchula boma, ndiye palibe cholemba. Kodi Reznor m'chimbale chija anatchula nduna iti? Iye mumamulola kulira za mtima wake, koma mmphawi mumafuna akhale chikwangwani cha chipani musanamumvere. Komanso munthu wokhala ndi chitupa cholembedwa kuti ndi mlendo m'dziko lobadwira amadziwa mtengo wa kuyankhula kuposa inu ndi ine. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amadziwa yekha kuti atsekule motani.

Mlandu wina ndi wa kwathu ku Malawi, ndipo umandikhudza monga womasulira. Alipo amene akamva Chichewa cha Macheso amaseka. Akuti n'chopindika, katchulidwe kake n'ka Chishona, si Chichewa chenicheni. Chenicheni ndi chiti? Chija chimene Chichewa Board inayamba kuchikonza mu 1972, chimene a Kamuzu ankachiwongola pa misonkhano? Chimenecho chinali ndi sukulu, wailesi ya MBC, mabuku ndi boma kumbuyo kwake. Cha m'komboni chinalibe chilichonse mwa izi. Chinasungidwa ndi agogo pamoto, ndi nyimbo za pamaliro, ndi gule wamkulu amene kumeneko amamutcha zvigure, ndi mipingo ya anthu obwera, kwa mibadwo itatu kapena inayi, pakati pa anthu amene ankachiseka. Chinenero chimene chayenda wapansi kuwoloka Zambezi sichingafike chovala choyera. Chili ndi fumbi la m'njira, ndipo fumbilo ndi mbiri yathu. Malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 anazindikira zinenero 16, ndipo pa mndandandawo Chichewa chili poyamba, ngakhale kuti ndi chifukwa cha alifabeti chabe. Malamulo omwewo anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene makolo awo ndi a m'maiko a SADC. Sindikuti nyimbo imodzi ndiyo inalemba malamulo amenewa. Ndikuti zaka 13 aphungu asanavomere, chinenerocho chinali chitalowa kale m'nyumba iliyonse kudzera pa kaseti, ndipo amene anachilowetsa si ife a madigiri.

The Downward Spiral chinatulutsidwanso mu 2004 chitakonzedwa mwatsopano pokumbukira zaka khumi, ndipo mu 2020 Nine Inch Nails inalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame. Chingwe chilichonse chimene chinalumikizidwa m'nyumba ya pa Cielo Drive chili ndi wochilemba. Simbaradzo chikufunika ntchito yomweyo, ndipo chikuifuna m'Chichewa, m'Chishona ndi m'Chindau, zinenero za anthu amene anachigula: kukhala pansi ndi amene analiza magitala aja, ndi amene anali pa makina ojambulira ku Gramma, ndi amayi a ku Zona ndi ku Aberfoyle amene anavina Mundikumbuke chaka chimene abale awo a m'mafamu a fodya ankagona m'mbali mwa msewu ndi katundu wawo. Anthu amenewa akukalamba, ndipo makaseti amadyedwa ndi chinyezi cha m'dera la tiyi msanga kuposa kwina kulikonse. Basi yochoka ku Blantyre imadutsa pa Mwanza, Zobue, Tete ndi Nyamapanda, n'kukutsitsani ku Harare. Chitungwiza ndi pafupi pomwepo. Wofuna ku Mount Selinda akwere ya ku Mutare, asinthe ya ku Chipinge, ndipo apite nyengo ya mvula, fakitale ikugwira usiku.